Katemera wa ana: aphungu alamule kapena kholo lisankhe lokha?

Abale, nkhani ya katemera ikugawanitsa aphungu ku America mpaka lero.

Chikuku chitabuka ku Disneyland, malo a zisangalalo a m'chigawo cha California ku America, kumapeto kwa 2014, aphungu a ku California adakhazikitsa lamulo mu 2015 loti kholo lisamakanenso katemera pongonena kuti chikhulupiriro chake sichilola. Mmodzi mwa amene adabweretsa biluyo ndi Richard Pan, yemwe ndi dokotala wa ana. Otsutsa ankati mwana ndi wa makolo ake, boma lisalowerere za m'nyumba. Komatu lamulolo silinena zogwira mwana n'kumubaya mokakamiza ayi. Likungoti wosabayitsa asalembetsedwe kusukulu, aziphunzirira kunyumba, pokhapokha ngati dokotala watsimikiza kuti katemera angamuvulaze. Ena adayamba kusaka makalata a madokotala mwachinyengo, mpaka mu 2019 aphungu adakhwimitsanso pamenepo.

Ku Florida zikulowera kwina. Mu 2025 mkulu wa zaumoyo kumeneko, Joseph Ladapo, adalengeza zofuna kuthetsa malamulo onse okakamiza katemera.

Ine ndili mbali ya California. Ufulu wa kholo ndimaulemekeza, koma chikuku sichifunsa kuti mumapemphera kuti. Kuti chisafale, pamafunika kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse akhale obayitsa. Ndiye taganizirani khanda la miyezi 6 lili kumsana kwa amake pamzere wa kusikelo. Kwathu kuno katemera woyamba wa chikuku amabaya mwana akakwana miyezi 9, choncho khandali likudalira ana a anzathu kuti akhale otetezedwa.

Nanga aphungu athu ku Lilongwe atabweretsa bilu yotereyi, ndi mipingo ina ija yokana zachipatala, inu mungaime mbali iti?