Anabwera ndi njira zitatu pamapu: mmene tinadutsira pa zokambirana za msewu kwathu ku Mulanje

Uthenga unatipeza Lachiwiri madzulo, ine ndikutseka okala yanga. Mnyamata wa a Gulupu amayenda khomo ndi khomo kunena kuti Lachisanu aliyense akapezeke pabwalo la sukulu, kukubwera anthu a msewu. Kwathu kuno mawu amenewa tawamva kambirimbiri, makamaka zisankho zikayandikira, ndiye ambiri anangopukusa mitu. Ine sindikanajomba chifukwa ndine mlembi wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu, buku la maminitsi limagona kwa ine. Ndikulemba izi chifukwa mchemwali wanga amene ali ku Thyolo akuti kwawonso ayamba kuona anthu ovala majekete owala akuyenda m'minda ndi zoyezera, ndipo akufunsa kuti zikatere munthu amatani.

Msewu wathu ndi wadothi. Umapatuka pa M2, uja wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka kumalire ku Muloza. Chilimwe ndi fumbi lokhalokha, dzinja ndi matope, ndipo dzinjalo ndi pamene chinanazi ndi mapeyala zimapsa. Magalimoto ogula amathera panjira, akabaza n'kukweza mtengo, zipatso n'kuolera m'madengu. Choncho palibe amene amakana phula. Nkhani inali yoti phulalo lidzera pati.

Tsikulo kunali chiperoni, tonse titadzikuta zitenje ndi majuzi. Kunabwera galimoto ziwiri: akukhonsolo, a khansala, ndi anthu a kampani imene inalembedwa ntchito yochita kauniuni. Titapemphera, a Gulupu atalandira alendo, bambo wina anatambasula mapu n'kuwamata pakhoma la kalasi. Panali mizere itatu. Woyamba umatsata msewu wakale, kudutsa pakati pa msika, kungoukuza. Wachiwiri umalambalala kuseri kwa msika, kudula minda ndi kupita m'mphepete mwa manda. Wachitatu umatsikira kudambo, kutsata mtsinje, ndipo anati ndi waufupi komanso sugwetsa nyumba zambiri.

Apa ndinene chinthu chimene ndinachimvetsa mochedwa. Anthuwa sanabwere kudzatichitira chifundo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati iyi isanayambe, pachitike kauniuni wa mmene ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo lipoti lake limapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, kuti livomereze. Zimene anthu anena pamisonkhano zimalowa m'lipotilo. Ndiye kuti iwo amafuna mawu athu kuti pepala lawo lidutse, monga ifenso timafunira msewu. Mukadziwa zimenezi mumayankhula mutaongoka khosi, osati ngati mukupempha.

Koma ola loyamba lonse tinalitaya. Atangoti "pali mafunso?", manja anakwera, ndipo aliyense amafunsa zinthu ziwiri zokha: chipukuta misozi chidzakhala ndalama zingati, ndipo anyamata athu adzalembedwa ntchito kodi. Mafunso abwino ndithu, koma sinali nthawi yake. Alendowo amangoyankha kuti zimenezo zidzabwera njira ikasankhidwa. Ine ndikulemba m'bukumo ndinaona kuti tatsala pang'ono kubalalika palibe amene wanenapo za mizere itatu ija. Ndipo kunena zoona, ambiri aife mapu amenewo sitimawamva. Panalibe mtengo wa mango wa pa chigayo, panalibe mjigo, panalibe dzina la mudzi ndi limodzi lomwe. Mzere wofiira papepala sukuuza kuti ukudutsa pakhitchini pako.

Amene anatipulumutsa ndi malume anga, munthu wosayankhulayankhula. Anaimirira, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "A Gulupu, zikomo. Ife maso athu anazolowera nthaka, osati mapepala. Alendowa atitsogolere, tiyende njira zonse zitatu ndi mapazi, tikatero tidzayankha." Alendowo anayang'anizana, mmodzi anayang'ana wotchi, koma a khansala anavomera. Anagwirizana zobweranso Lolemba.

Ngati pali chimodzi chimene mungatolepo pankhaniyi, n'chimenecho: pemphani kuyenda njirayo.

Lolemba tinali anthu ochepa, mwina makumi atatu, koma ndi tsiku limene ntchito yeniyeni inagwirika. Tinayamba ndi njira ya kudambo, imene alendowo amaoneka kuti akuikonda. Papepala inali yokongola, yowongoka, yopanda nyumba. Koma nyumba kulibeko pa chifukwa. Agogo ena aakazi, amene amalima dimba kumeneko kuyambira ali mtsikana, anatitengera pamtengo wa mkuyu n'kuloza chipsera chimene chili pamwamba kuposa mutu wa munthu wamtali. Anati apa ndi pamene miyala ndi zigobo za mitengo zinagunda nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Analozanso mchenga umene unakwirira madimba, mpaka lero sumera kanthu. Kenaka anatembenukira kwa mnyamata wonyamula kachipangizo koyezera n'kuti, "Mwanawe, madzi saiwala khwawa. Ife napolo tinamumva ku Phalombe mu 1991, tinadzamuona ndi maso chaka chijachi. Mukaika msewu pano mudzaumanga kawiri."

Mnyamatayo anajambula mtengowo, n'kulemba manambala a malowo. Ine ndinalembanso m'buku langa, ndi mawu a agogowo mmene anawanenera. Mvula ya ku Mulanje si yamasewera, madzi amatsika m'phiri ndi liwiro, ndipo munthu wobwera nthawi yachilimwe akaona kamtsinje koti mwana angalumphe sangakhulupirire kuti kamasanduka chilombo. Wina wa alendowo anavomera kuti kuti msewu upirire pamenepo pangafunike kuukweza kwambiri ndi kumanga mlatho wautali, ndipo kufupika kuja kungathere pomwepo.

Njira yachiwiri inandikhudza ine mwini. Imadula munda umene mayi anandisiyira, womwenso iwo anasiyiridwa ndi mayi awo. Si munda waukulu. Kuno malo ndi ochepa, mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili pansi pa tiyi wa maesiteti, ife tinapanikizana m'mphepete. Munthu akakulanda theka la munda n'kukupatsa ndalama, ukagula kuti wina? Ndinafunsa funso limenelo mokweza, ndipo amayi anzanga anawomba m'manja. Kenaka tinafika pamanda. Apo aliyense anakhala chete. Alendowo anafotokoza kuti manda amatheka kusamutsidwa, ntchitoyo imalipira zonse, mwambo umatsatidwa. A nyakwawa anangoyankha kuti, "Tamva," ndipo amene amawadziwa anamva kuti akana.

Ndisaname, si onse amene amadana nayo njira yachiwiriyo. Aphunzitsi amaifuna chifukwa imachotsa magalimoto pafupi ndi sukulu. Makolo ena anagwirizana nawo. Koma ife apamsika tinali ndi mantha ena: msewu ukalambalala, minibasi sizidzaimanso pathu, msika udzasamukira wokha kumsewu watsopano, ife n'kutsala ndi mashopu oyang'ana fumbi. Ndinali pakati ngati nyama ya m'sangweji... ayi, ndinene bwino: njira yachiwiri imandidyera munda, yoyamba imandidyera khonde la okala. Ndinasankha kutaya khonde.

Pa njira yoyambayo ndi pamene tinamva za malire a msewu. Misewu ikuluikulu ngati M2 imakhala ndi malo ake osungidwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo misewu yocheperako imakhala ndi malo ocheperako. Amene anamanga m'kati mwa malirewo nkhani yake imavuta. Apa funsani kuti ndalama za ntchitoyo zikuchokera kuti, chifukwa ntchito zothandizidwa ndi mabanki ngati World Bank kapena African Development Bank zimakhala ndi malamulo oti ngakhale wopanda mapepala a malo athandizidwe pa zimene anamanga. Tinafunsa, ndipo tinapempha kuti yankho lilowe m'maminitsi.

Chinanso chimene chinathandiza ndi msonkhano wa amayi okha. Pabwalo lalikulu, a Gulupu ali pampando, apongozi ali pomwepo, mayi sangangodzuka n'kuyamba kutsutsa. Mayi wina wa m'gulu la alendowo anatitengera pansi pa mtengo patokha, ndipo zinatuluka zambiri: mjigo umene uli m'mphepete mwa msewu, njira imene ana amawolokera popita kusukulu, ngalande zimene zikalozetsedwa molakwika zimathira madzi m'makomo mwa anthu, ndiponso nkhawa ya atsikana athu pamene misasa ya ogwira ntchito idzamangidwe pafupi. Tinapempha mahampu pasukulu ndi pamsika, malo oimikapo minibasi, ndi mjigo watsopano usanagwetsedwe wakale. Onetsetsani mawu akuti "usanagwetsedwe" alembedwa. Amaoneka aang'ono, koma ndi amene amasiyanitsa kumwa madzi abwino ndi kubwerera kumtsinje kwa chaka chathunthu.

Pamapeto panadutsa pepala loti tisaine. Ndinaliwerenga kaye pamwamba. Linali la mayina a opezekapo basi, osati kuvomereza njira ina iliyonse. Pepala lililonse lodutsa pamsonkhano muziliwerenga mutu wake, osadziwa kuwerenga apemphe mwana wasukulu. Ndinapemphanso kuti maminitsi awo awerengedwe mokweza m'Chichewa tisanabalalike. Mfundo ya mkuyu ija inalimo, koma ya mjigo munalibe. Anaiwonjezera ife tikuona.

Kenaka kunangoti zii, miyezi ingapo. Mphekesera zinayenda zamitundumitundu, ena mpaka anayamba kuumba njerwa usiku kuti amange tinyumba m'njira imene amaganiza kuti yasankhidwa.

Atabweranso, anatiuza kuti atsata msewu wakale, koma pafupi ndi sukulu aukhotetsa pang'ono kuti utalikirane ndi makalasi. Ya kudambo anaisiya chifukwa cha madzi, ya kumanda chifukwa cha minda ndi mandawo. Sindinganene kuti ndi mawu athu okha amene anachititsa, ndalama nazonso zinayankhula. Koma pofotokoza anatchula mkuyu uja.

Tsiku lomwelo analengeza tsiku lotsekera kalembera wa katundu amene msewu udzakhudze. Chilichonse chomangidwa kapena chobzalidwa tsikulo litadutsa sichiwerengedwa. Oumba njerwa usiku aja ena anali atamanga m'njira yolakwika, ena anachedwa.

Kalembera ndiye amafuna maso. Amabwera khomo ndi khomo, ali ndi a nyakwawa ngati mboni popeza ambiri aife malo athu alibe mapepala. Amayeza nyumba, amawerenga mitengo, amakujambula utaima pa katundu wako utanyamula nambala. Khalani ndi chiphaso cha unzika m'manja, dzina lilembedwe mmene lilili pachiphasopo. Mitengo muwerengere limodzi, ndipo muwauze kuti uwu ndi wobereka, uwu ndi waung'ono, chifukwa ndalama zake zimasiyana kwambiri. Kumbuyo kwa okala yanga kuli mapeyala awiri ndi phata la nthochi limene ndinabzalanso chisaka chitatha zakale, zonsezo ndinaonetsetsa kuti zalowa.

Vuto langa linatulukira pamene mndandanda unamatidwa kwa a Gulupu. Pa okala yanga panali dzina la bambo a kunyumba. Wolembayo anawapeza iwo pakhonde tsiku lina ine nditapita kukapikula katundu pa Chitakale, n'kungoganiza kuti mwamuna ndiye mwini. Kwathu kuno ndi kwa chikamwini, malo ndi a mbumba. Bambowo ndi munthu wabwino, sindikuwadandaula, koma mawa sadziwika, ndipo si ine ndekha amene zinandichitikira. Tinapezeka amayi asanu.

Panali komiti ya madandaulo imene tinasankha pamsonkhano wina. Ndinalemba kalata yaifupi, mapepala awiri ofanana, malume anasaina ngati mwinimbumba, a nyakwawa anadinda. Limodzi ndinapereka, linalo anandilembera tsiku lolandirira n'kundibwezera. Dandaulo lapakamwa limauluka ndi mphepo, ndiye amayi anzanga aja ndinawalembera makalata awonso. Panapita masabata atatu, ndinakafunsa kawiri, dzina linasinthidwa.

Pobwera ndi pepala la ndalama, musathamangire kudinda chala. Onani ngati zonse zimene anawerenga zilipo, chilichonse ndi mtengo wake. Ine ndinafunsanso kuti ndalamazi zikachedwa adzawerengeranso kodi, pakuti tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata n'kukwera sabata yomweyo. Anati funsolo alitengera kwa akuluakulu. Ndinalilemba m'buku, ndi tsiku lake, ndi udindo wa amene anayankha. Tinagwirizananso kuti palibe chogwetsedwa munthu asanalandire chake.

Lero pakhoma la okala yanga pali chizindikiro chofiira, ndipo chikhomo chili pamene pamakhala benchi ya makasitomala. Mathirakitala sanafike. Ndayamba kuunjika njerwa kuseri kuti khomo ndidzalibweze m'mbuyo mamita angapo, ndipo buku la maminitsi ndalikulunga m'pulasitiki chifukwa denga la kuchipinda likudontha. Mchemwali wanga ndamuuza kuti msonkhano wawo ukaitanidwa apite ndi kope ndi cholembera, akhale kutsogolo, ndipo atenge agogo amene amadziwa kumene madzi anafika.