Maantibayotiki sachiza chimfine, abale

Anthu ambiri akangoyamba kuyetsemula amathamangira amoxicillin, mtundu wina wa maantibayotiki. Chonde tileke. Chimfine chimayambitsidwa ndi mavairasi, pomwe maantibayotiki amalimbana ndi mabakiteriya okha. Penisilini, yemwe Alexander Fleming anamutulukira ku London mu 1928, amalepheretsa bakiteriya kumanga khungu lake lolimba lakunja, ndiye kachilomboko kamaphulika n'kufa. Vairasi alibe khungu lotero, choncho mankhwalawo sapeza pogwira. Koma pa chindoko, chifuwa chachikulu kapena chibayo cha mabakiteriya, pamenepo ndiye maantibayotiki oyenera amapulumutsadi moyo.

Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti tikamawamwa mwachisawawa, mabakiteriya ofooka amafa, olimba n'kutsala, n'kuswana. Mawa mwana akadwala zenizeni, mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Fleming mwiniwake anachenjeza za zimenezi mu 1945, koma mpaka lero sitikumva.

Katemera ndi nkhani ina. Iye sadikira kuti mudwale. Amaonetsa thupi kachilombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kachidutswa kake chabe, ndipo chitetezo cha m'thupi chimapanga asilikali n'kusunga chikumbukiro cha mdaniyo. Kachilombo kenikeni kakadzabwera, kamapeza thupi litakonzeka kale. Kutentha thupi pang'ono mukabayidwa kusakuopseni, ndi chitetezocho chili kalikiliki kuphunzira.

Nthomba inkapha anthu miyandamiyanda, koma mu 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti yatheratu padziko lonse chifukwa cha katemera. Koma chikuku chimabwereranso msanga paliponse pamene ana ambiri aphonya jekeseni. Taonaninso khadi la katemera la mwana wanu lero.