Juzi ya ku Lizulu

Mwezi wa Juni ku Dedza kuno munthu sumafunsa ngati kuzizira kubwere, umangofunsa kuti ukuthawira kuti. Ine ndinathawira pa msika wa Lizulu, nkugula juzi ya kaunjika, yaubweya, yolemera ngati bulangete. Mayi akunyumba anakaichapa kudambo, nkuyanika pa tchire.

Tsiku lomwe ndinaivala madzulo, kuyabwa kunayamba. Pakhosi, m'khwapa, m'mikono. Ndinakanda mpaka zikhadabo zinatopa, ndinapitiriza ndi chitsononkho.

Patatha masiku atatu ndinanyamula buku langa la kuchipatala. Mzere unali wofika pansi pa mtengo wa mango. Nditalowa, adokotala sanadzuke nkomwe pampando. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ali chapatali ndithu.

"Kumayabwa kwambiri usiku?"

"Eya, adokotala."

"Mphere."

Basi. Ngakhale wogula mbuzi amayamba waigwira kaye pamsana. Koma sindiwada kwenikweni, panja panali anthu ngati pa maliro a mfumu, ndipo mphere imayabwadi usiku. Anandifotokozera bwinobwino kuti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba pakhungu nkuikiramo mazira. Anandipatsa botolo la benzyl benzoate, nati ndidzole kuyambira pakhosi mpaka kuphazi, ndisasambe maola 24. Zofunda zonse ziviikidwe m'madzi otentha, ndipo aliyense wa m'nyumba adzole.

Aliyense. Sabata imeneyo kunyumba kunali apongozi anga aamuna, ochokera ku Ntcheu, Mngoni wa ulemu wake amene ngakhale pakudya sitiyang'anana. Tangoganizani mkamwini kukagwada nkunena kuti, "Bambo, pepani, muvule mudzole."

Mayi akunyumba ndiye anandifunsa funso limodzi lokha: "Mphereyi mwaitenga kwa ndani?" Mpaka lero yankho akulidikirabe.

Za mankhwala aja ndinene pang'ono. Pakhungu labwino amangozizira. Pamene wakanda mpaka kusupuka, ndi tsabola wa kambuzi. Ndipo pali malo ena pathupi la mwamuna amene adokotala anayenera kundichenjeza. Ndinazungulira nyumba kawiri ndili ndi chitenje cha mayi, galu wanga yemwe akundiuwa.

Zofunda zonse tinaziviika. Ndi chifunga cha ku Dedza, mabulangete sanaume masiku awiri. Juzi yokha ndinaibisa, kuopa kuti madzi otentha aifinya. Ndiye poti zofunda zinali zonyowa, ndinkagona nditavala iyoyo. Kuyabwa kunachita kuwirikiza.

Ndinapita pa chipatala china, cholipira. Awa anayandikira pang'ono, nkuseka. "Mphere? Ndani wakuuzani? M'mipata ya zala muli bwinobwino chonchi? Ichi nchipere." Anandigulitsa mankhwala odzola a Whitfield. Mlongo wanga anati ndi ziwengo, ndisiye mazira ndi nyama ya nkhumba. Wa kabaza wina anati alipo wandiponda phazi chifukwa kachewere wanga wachita bwino chaka chino. Onsewa palibe ananena kuti "mwina".

Amene anapeza matenda ndi apongozi. Usiku wina kunazizira koopsa, ndipo ine pofuna kukonza mbiri yanga ndinavula juzi ija, nkutuma mwana kuti akapatse agogo ake. Mphindi zisanu sizinathe. Tinangomva chitseko phwa! Mdala uja ali pabwalo, akuponda pansi ngati ngoma ya kwa Gomani, chishango chokha ndicho chinasowa. Anaivula juzi, nkuitembenuza, nkuiunika ndi tochi ya foni. Mu ubweya monse munali timinga tofiirira tonyezimira.

"Chitedze ichi! Munayanika pati chovalachi?"

Mayi akunyumba anangoti zii, nkulowa kukhitchini kukasonkhezera moto womwe unali ukuyaka kale.

Juzi tinaitentha. Patatha masiku awiri khungu linakhala bata, kungotsala zipsera za chitsononkho. Ndinabwerera kwa adokotala oyamba aja, mtima uli m'mwamba kuti lero ndikawaphunzitsa. Ndinafotokoza zonse, za tchire, za apongozi, za tochi. Anandiyang'ananso pamwamba pa magalasi paja.

"Panopa kukuyabwa?"

"Ayi, adokotala."

"Ndiye kuti mankhwala agwira ntchito. Wotsatira!"