Zikomo achimwene, ma email athu ayambanso kuyenda

Abale ndati ndithokoze pagulu, chifukwa sabata yathayi ndinaona zakuda ku office kwathu ku Old Town. Lolemba hard disk ya server inafa magetsi atathima, ine ndinabwezeretsa zonse kuchokera pa backup koma ndinakopera ndi cp wamba (lamulo lokopera mafailo) ngati root (akaunti ya mphamvu zonse pa server) osaika -a amene amasunga mwini wa failo iliyonse, ndiye mafailo onse mwini wake anakhala root. Poyamba sindinadziwe, server yayaka, intaneti ilipo, koma email siikufika kwa munthu aliyense. Ndikalemba mailq kuti ndione makalata odikira, mndandanda ukungotalika, zonse zili mu deferred, pomwe pamakhala makalata amene alephera kupita, mkatimo muli ma quotation ndi ma invoice amene a accounts akudikira. Chimene chinkandisowetsa tulo n'choti Postfix, pulogalamu yotumiza ma email pa server yathu, ikapanda kusinthidwa imasunga kalata masiku 5 okha, kenako imaibweza kwa amene anaitumiza. Lachinayi linafika ndikuwerenga maola.

Achimwene aku Area 25, inu amene mwakana kuti ndikutchuleni dzina, Mulungu akudalitseni. Ndinakuimbirani cha m'ma 7 usiku mukudya, munasiya nsima n'kukwera kabaza mvula ikuwaza. Munandipeza nditalemba kale chmod 777, lamulo lotsegulira aliyense mafailo, chala chili pa Enter, munandigwira dzanja n'kunena kuti ayi aphwanga, tiwerenge kaye log. Tinatsegula /var/log/mail.log, failo yolemba zonse zochitikira ma email, ndipo munandilozera ndi cholembera pa screen pomwe panalembedwa Permission denied, kutanthauza kuti chilolezo chakanidwa, pena pa maildrop (foda ya Postfix yoponyamo makalata) pena pamafoda a Dovecot (pulogalamu imene anthu amatengerako makalata awo). Simunandikalipire ngakhale pang'ono, munangofotokoza kuti postdrop, kapulogalamu koponya makalata, imafuna group yake ndi setgid (chilolezo chogwira ntchito ndi mphamvu za group imeneyo) kuti ilembe mu maildrop, tinapanga postfix set-permissions kuti zilolezo zibwerere m'malo, mafoda amakalata tinawabwezera kwa vmail, akaunti imene inali mwini wake, kenako munandiuza kuti postqueue -f, lamulo lotumizanso makalata odikira, ndilembe ndekha. Mmene mizere ya status=sent, yosonyeza kuti kalata yapita, inayamba kutsika ija misozi inalengeza, sindinama.

Zikomonso kwa agogo athu alonda amene anakhala pafupi ndi jenereta mpaka pakati pausiku n'kutiphikira tiyi, kwa abwana chifukwa choleza mtima, komanso kwa mayi akunyumba amene anapirira masiku 4 ndikufika ana atagona.

Achimwene, ndalama munaikana, ya kabaza yomwe munakana. Loweruka likubwerali musapange pulogalamu ina, bwerani ndi alamu kwathu ku Kawale, nkhuku yachikuda ndagula kale ili pachingwe.