Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Chaka Chimene Ndinakana Nsima ya Apongozi

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapitali, makamaka amayi a ku Lundazi aja amene anandikumbutsa kuti ndinalonjeza nkhani ya thupi langa koma ndinangoidumpha n'kuyamba kufotokoza za kusamuka kwathu kuchoka ku Mchini kupita ku Kapata. Sindinaiwale ayi. Ndinkazengereza chifukwa m'nkhaniyi muli tsiku lina limene ndikalikumbukira, chakudya chimandiima pakhosi mpaka lero. Ambiri mwafunsa kuti pa njira ziwiri zochepetsera thupi zimene ndinayesa, ija yosiya nsima ndi ija yowerenga mapointi, yabwino ndi iti. Ndiyankha, koma mundilole ndidzere kumene ndinadzera.

Mukukumbukira kuti nditabereka mwana wachitatu thupi silinabwererenso. Zaka zinayi zinatha ndikungowonjezera nsalu kwa atelala. Chakumapeto kwa 2016 sikelo ya ku kiliniki inaonetsa makilogalamu 96, BP inali itakwera, mawondo ankandiwawa ndikaima pa bolodi kwa maola awiri, ndipo anyamata onyamula anthu pa njinga m'tauni muno ankanditchulira mtengo wa anthu awiri, ati nthabwala. Kwa abambo aja amene munalemba kuti mkazi wa kwathu kuno ayenera kukhala ndi thupi kuti anthu aone kuti akusungidwa bwino, ndakumvani, ndipo nanenso ndinakula ndi mawu omwewo, koma mawondo amene ankawawa anali anga.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho kunabwera mlamu wanga wa ku Johannesburg, yemwe uja anatithandiza pa maliro a atate. Anali ataphwa moti pa siteshoni ya basi ndinamudutsa. Nditamufunsa anati, "Alamu, ine ndili pa Banting." Dzinali ndi la William Banting, bambo wa ku London amene ankagwira ntchito yokonza maliro, ndipo mu 1863 anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa kadyedwe kameneka kanafala kuyambira 2013 chifukwa cha Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, pamene ku America amakadziwa ndi dzina la Dr. Robert Atkins, amene anakatchukitsa mu 1972. Njira ya Atkins imalola magalamu 20 okha a sitachi ndi shuga pa tsiku m'masabata oyamba. Kuti mumvetse kuchepa kwake, ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi sitachi yoposa magalamu 70, choncho mtanda umodzi wa nsima wadutsa kale malire a tsiku lonse.

Mlamu anandisiyira pepala la mitundu itatu: lobiriwira, lamtundu wa lalanje ndi lofiira. Kobiriwira kunali mazira, nyama, nsomba, masamba ndi kotapela. Kofiira kunali chimanga, mpunga, buledi, shuga, nsawa, ngakhalenso saladi (mafuta ophikira) ya mpendadzuwa ndi ya soya. Kwa ife a chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, amene minda yathu ndi ya chimanga, nsawa, soya ndi mpendadzuwa, pepalalo linkakhala ngati likunena kuti munda wonse wa makolo athu ndi wolakwika. Komabe ndinayamba mu Januwale.

M'masabata awiri ndinataya makilogalamu anayi, ndipo ndinayamba kuyenda ngati ndapambana mlandu. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ambiri mwa makilogalamu amenewo anali madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imakhala ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Munthu akasiya sitachi nkhokweyo imatha, madzi aja n'kutuluka ndi mkodzo. Mutu unkandiwawa sabata yoyamba, m'mimba munauma, ndipo bambo a ana anandiuza mwaulemu kuti m'kamwa mwanga mwayamba fungo lachilendo. Koma ndinene zoona: njala inachepa kwambiri. Ndikadya mazira awiri ndi kotapela m'mawa, ndinkafika 14 koloko osaganizako za zitumbuwa zogulitsidwa pa geti la sukulu. Chimene chinkapweteka chinali thumba. Malipiro a mphunzitsi sangagule nyama ya banja lonse tsiku lililonse, motero ine ndinkadya zanga, ana zawo, mpaka wamng'ono uja anandifunsa, maso ali pa mbale yanga, kuti, "Amayi, bwanji inu mazira, ife nyemba?" Pofika Epulo 2017 ndinali pa makilogalamu 85.

Tsopano ndafika pa tsiku lija. Sukulu zitatsekera tinapita kumudzi kwa bambo a ana, kupitirira Katete. Apongozi anali atamva sabata yathunthu kuti tikubwera. Anakonola chimanga, anaviika mphale, anaiyanika pa mphasa, n'kutuma mdzukulu kuchigayo kuti alendo adye nsima ya ufa woyera. Anapha nkhuku, anaphikanso nkhwani wotendera. Amuna anapatsidwa zawo pakhonde, ife amayi tinakhala pa mphasa kuseri kwa khitchini, apongozi, alongo awiri a amuna anga, ndi agogo ena oyandikana nawo. Ndinasamba m'manja, ndinatenga nthuli ya nkhuku ndi nkhwani pang'ono, ndipo mtanda umene anandiikira patsogolo sindinaukhudze.

Kwa kanthawi panalibe amene analankhula. Ndinkamva nkhuku zikupalasa m'mbali mwa nkhokwe. Kenako apongozi anati, "ANaphiri, nsimayo ikuzizira. Kapena siinapse?" Ndinayankha kuti, "Yapsa bwino, amayi, koma ine ndinasiya nsima." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa motsitsa mawu, "Munasiya nsima, kapena munasiya nsima yanga?"

Ndinayamba kufotokoza za sitachi, za BP, za pulofesa wa ku Cape Town, ndipo mawu alionse amene ankatuluka pakamwa panga ankamveka opusa kuposa oyamba. Pa mphasa imeneyo panali munthu amene anadutsa njala zingapo akugawa mtanda umodzi kwa ana anayi, ndipo ine ndinkamuuza kuti nsima ndi yoipa. Komanso kwathu munthu wodya ndiwo zokha timamutcha wankhuli, ndipo mwana akatero amamenyedwa padzanja. Apongozi sananditsutse. Anatambasula dzanja, anatema mbamu pa mtanda wanga womwe uja, anaiumba pang'onopang'ono, anaisunsa mu msuzi, n'kuidya onse akuona, maso ali pa ine. Anatemanso yachiwiri. Apa m'pamene ndinazindikira chimene iwo anamva: ankaganiza kuti ndikuopa kudyetsedwa, kuti ndikuwayesa mfiti, ndipo ankandionetsa pamaso pa mboni kuti m'nsima yawo mulibe kanthu. Atameza anavundikira mbale, anadzuka movutikira atagwira bondo, n'kukalowa m'nyumba osamaliza kudya.

Usiku ndinawamva kupyolera m'khoma akulankhula ndi mwana wawo. Sanakweze mawu. Ankangobwereza kuti, "Ndamulakwira chiyani mkazi wako? Zaka zonsezi wadya za m'manja mwanga." Amuna anga, amene mukuwadziwa kuti si olankhulalankhula, anabwera kudzagona osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kukalipa. M'mawa ndinamwa phala lonse limene anandipatsa, ndinapemphanso lina, koma apongozi anangoti, "Musadzikakamize, aNaphiri." Ena mwa inu mudzati ndikanangodya tsiku limodzi lokha. Inde, ndikanatero. Koma njira imeneyi inali itandiphunzitsa kuopa mbamu imodzi ngati kuti idzagwetsa ntchito ya miyezi inayi, ndipo ndinali ndi kunyada kwa munthu amene wangotembenuka kumene.

Titabwerera ku Chipata ndinapeza kuti nkhani yafika kale. Munthu amene waonda mwamsanga ndiponso akukana chakudya, kuno amamupezera matenda asanapite kuchipatala. Mayi amene munayambitsa zoti aphunzitsi ayamba kumwa mankhwala aja, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba, chifukwa mwana wanu anandiuza. Sindinakuyankheni nthawi imeneyo, ndiye ndikuyankheni lero: sizinali zoona, ndipo zikanakhala zoona sizikanakhala zoseketsa pa mpopi, poti inu ndi ine tonse tili ndi abale amene ali moyo lero chifukwa cha ma ARV omwewo.

Ndinabwerera ku nsima mwezi womwewo. Pofika kumapeto kwa 2018 ndinali pa makilogalamu 93.

Mapointi ndinawadziwa mu 2019 kudzera mwa mnzanga wa ku koleji, amene mkulu wake ndi namwino ku England ndipo anamutumizira kabuku kakale ka Weight Watchers. Bungweli analiyambitsa ndi Jean Nidetch ku New York mu 1963, ndipo ku America kuwerenga mapointi a chakudya linakuyamba mu 1997. Ine sindinali membala. Ndinangotenga masamu akale a ku America n'kuwagwiritsa ntchito ndekha. Ankatenga makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) n'kugawa ndi 50, ankawonjezera magalamu a mafuta atagawa ndi 12, kenako ankachotserako pang'ono ngati chakudyacho chili ndi faiba, zija zimapezeka m'gaga ndi m'masamba. Mwa njira imeneyi mafuta amalipitsidwa kawiri, chifukwa galamu yake imodzi ili kale ndi makalori 9 pamene ya sitachi ili ndi 4. Kawerengedwe ka masiku ano anakasintha kangapo, ndipo tsopano amayang'ananso shuga ndi zomanga thupi, koma ine ndinayenda ndi kakaleko. Gawo langa linali mapointi 26 pa tsiku, ndipo panalibe chakudya choletsedwa.

Ndinabwereka sikelo yaing'ono kwa mayi wina wogulitsa ku Saturday Market, ndinatenga kope la sukulu ndi cholembera chofiira. Ufa wolemera magalamu 100 unkadya mapointi pafupifupi 7. Chimene chinandidabwitsa chinali saladi. Supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120, ndiye kuti mapointi oyandikira 4. Tsiku lina ndinathira saladi mu poto wa kapenta monga mwa chizolowezi changa, kenako ndinaitsanulira m'kapu n'kuiyeza: masupuni asanu ndi limodzi. Ndinakhala pansi. Zaka zonse zija ndinkaimba mlandu nsima yokha, pamene kapenta wanga ankasambira. Nsawa nazonso zinandidula, popeza pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, moti chiponde ndi ndiwo zotendera ndinayamba kuzidya mowerenga. N'zoseketsa kuti njira ziwiri zotsutsana chonchi zinagwirizana pa kundilanda nsawa za Chalimbana.

Njala ya pa mapointi inali yeniyeni. Ikakwana 10 koloko m'mimba munkalira ana a m'kalasi akumva, ndipo madzulo ambiri ndinkagona ndikuwerenga m'mutu zimene ndidzadye mawa. Ndinasintha kuchoka ku ufa woyera kupita ku mgaiwa, ndinachulukitsa repu, bonongwe ndi therere, ndipo zinathandizako. Thupi linkatsika pang'onopang'ono, sabata zina osasuntha n'komwe. M'miyezi isanu ndi itatu ndinataya makilogalamu asanu ndi awiri. Palibe amene anandinena pa mpopi, chifukwa palibe amene anaona.

Pambuyo pake ndinawerenga zimene akatswiri anapeza, ndipo zinandichotsa manyazi. Mu 2005 gulu la Dr. Michael Dansinger ku Boston linafalitsa kafukufuku wa anthu 160 amene anawagawa pa njira zinayi. Patatha chaka, a pa Atkins anali atataya makilogalamu pafupifupi awiri, a pa mapointi pafupifupi atatu, ambiri anasiyira panjira, ndipo chimene chinasiyanitsa anthu kwenikweni chinali kulimbikira kwawo pa njira imene anapatsidwa. Mu 2018 Pulofesa Christopher Gardner wa ku Stanford anayerekeza anthu 609 kwa miyezi 12: ochepetsa sitachi anataya makilogalamu 6.0, ochepetsa mafuta 5.3, kusiyana kochepa moti ofufuzawo sanakuwerengere. Ndiye kwa inu amene munafunsa, yankho langa ndi ili. Yosiya nsima ndi yachangu ndipo imapha njala, koma ndi yodula ndipo imakuchotsa pa mphasa ya anzako. Ya mapointi ndi yochedwa, yotopetsa, ndipo imakusiya ndi njala, koma ndinkatha kupita nayo kumaliro, ku chilimba ndi kumudzi. Ine ndinasankha yachiwiriyo, ngakhale shuga wa mu tiyi ndi buledi wa m'mawa sindinabwererenso kwa izo chichokereni ku Banting. Achemwali aja amene munati mukufuna kuwasiyitsa nsima amayi anu odwala shuga, chonde musatero musanaonane ndi adokotala, chifukwa munthu wobaya insulin kapena womwa mapiritsi ena otsitsa shuga akasiya sitachi mwadzidzidzi, shuga wake akhoza kutsika mpaka kukomoka.

Mu Ogasiti 2019 tinapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo pobwerera tinagona kwa apongozi. Zaka ziwiri zinali zitadutsa osatchulanso za tsiku lija, koma nthawi zonse ndikapita ankauza mwana wawo wamkazi kuti aphike ndiye. Tsiku limenelo anaphika okha. Ndinasamba m'manja, ndinatema mbamu iwo asanayambe, ndipo ndinamaliza mtanda wonse. Atakankhira wachiwiri kwa ine ndinati, "Zikomo amayi, umodzi wandikwana, koma nkhwaniwo mundiwonjezere." Anandiwonjezera osayankha. M'mawa tikukwera galimoto anabwera ndi thumba la nsawa zosenda kale, n'kunena kuti, "Izi ndi zanu, aNaphiri, osati za ana." M'mutu mwanga masamu anayamba okha, mapointi pafupifupi 15 pa magalamu 100 alionse, koma ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za matenda a apongozi, ndi chifukwa chimene anakanira kugona kwa ana awo aakazi n'kusankha kudzadwalira kwathu ku Kapata.