Madzi aphwera, achiswankhono atera

Mwera wapita basi. Mwezi wathawu ndinkabwera kuno ku Shire nditavala juzi, koma lero pofika 7 koloko malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Ndinakhala pamalo panga pomwe paja, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, mbali yolowera ku nyanja ya Malombe.

Mu Julayi ndinazika kamtengo pomwe madzi ankalekezera. Lero ndakapeza pouma, mapazi 14 kuchokera m'madzi. Pakati ponsepo ndi matope okhaokha, nkhono zili mbwee poyera, ndiye achiswankhono atera ngati aitanidwa ku ukwati. Ndawerenga 23. Mu Ogasiti sindinapitirirepo anayi.

Mmodzi ndinamuyang'anitsitsa kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo ndaona kuti dzina lija limatinamiza. Mlomo wake sutsekeka wonse, pakati pamatsala mpata, koma chigoba saswa ayi. Amaipana nkhonoyo, kulowetsa nsonga ya mlomo wam'munsi, kupukusa mutu kangapo, nyama ija n'kutuluka. Atauluka ndinalowa m'matopemo mpaka m'mawondo kukatola zigoba. Zisanu, zonse zathunthu. Mkulu wina amene amasoka ukonde pafupi anandifunsa, "Achimwene, kunyumba ndiwo zavuta?" Nditawafotokozera anangoti, "Ife timaziona tsiku ndi tsiku zimenezo." Kabuku kanga kolembamo za mbalame ndinakabisa m'thumba mwamanyazi.

Nkhwazi ziwiri zija zikadali pamtengo wawo, ndipo lero panali yachitatu, yaing'ono, nthenga zake zodera zamawangamawanga, mutu sunayere. Chithunzi cha pafoni changotuluka kadontho.

Chomwe chandiwawa ndi bango la tsidya lija. Lapsa lonse. Kaya ndi osaka mbewa, kaya ndi wina wofuna dimba poti chinyezi chikadalipo, koma udzu wauma kwambiri moti moto ukangoyamba suyima. M'bango limenelo ndi momwe atchete ankapachika zisa zawo dzinja lathali. Lero munali phulusa ndi akakowa awiri akutola ziwala zopsa.

Milambe ikadali yopanda tsamba. Anamzeze ochokera ku Ulaya sindinawaonebe, nthawi zambiri amafika cha mu Okutobala, ndiye tsamba lawo m'kabukumu ndalisiya lopanda kanthu. Loweruka likubwerali ndidzalawirira 5 koloko, ndipo nditenge nsapato zina, izi matope azimaliza.