Lero nyemba sindinapopere

Lachitatu. Nsabwe zadzaza kunsonga za nyemba, zakuda bii, masamba ena ayamba kale kukwinyika, ndiye pulani inali yopopera m'mawa mphepo isanayambe. Koma ndisanasungunule mankhwala ndinati nditembenuze kaye masamba ndione, basi m'mawa wonse wathera pompo, kugwada mumzere.

Kunsi kwa tsamba kuli nkhondo anthuni. Choyamba timazira tachikasu titaima mothinana pafupi penipeni ndi nsabwe, amenewo ndi a ladybird, kachikumbu kozungulira kamadontho kaja. Kenako ana ake, amene anthu ambiri amangowapha poganiza kuti ndi mbozi, akuda, aminga, ngati kang'ona kakang'ono. Kamodzi ndakaonerera katagwira nsabwe kuiyamwa mpaka kutsala khungu lokha, kenako n'kupita pa ina osapuma nkomwe. Panalinso mphutsi zobiriwira za ntchentche zamizere yachikasu zija zimaima malo amodzi m'mwamba pamaluwa, miyendo zilibe koma kudya kwake eee. Ndiye pali nsabwe zina zotupa, zouma, zabulawuni, ina ili ndi kabowo kozungulira kumsana. Mmenemo kamavu kakang'ono kanaikira dzira, mphutsi yadya nsabweyo mkati, yakula, yaboola n'kuuluka.

Zondinyansa ndi nyerere. Zimakama madzi otsekemera amene nsabwe zimatulutsa ndiye zimazilondera, ladybird akangofika pafupi zimamuluma miyendo mpaka agwe.

Mzanga wa munda wa kumtunda anandipeza ndili chogwada. "Achimwene, mankhwala atha kodi?" Ndinati alipo, koma ndikapopera lero ndipha odya nsabwe onsewa, pomwe nsabwe zotsala ngakhale zochepa zimabereka ana amoyo popanda yamphongo, ndipo mwanayo pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nayenso wayamba kubereka. Adani ake sachulukana mwachangu choncho, ndiye mundawo umatsala wa nsabwe zokha. Anaseka, akuti ngati tizikumbuti n'tothandiza chonchi bwanji osangogula tambirimbiri n'kuthira m'munda monse?

Apa ndi pamene tinacheza nthawi yaitali, chifukwa zimenezo anthu anachita kale. Kuli ladybird wina wochokera kum'mawa kwa Asia, Harmonia axyridis, ku Britain amati harlequin. Ku America anamumasula koyamba mu 1916 kuti azidya nsabwe, kwa zaka zambiri osakhazikika, mpaka mu 1988 anapezeka ataswana yekha ku Louisiana ndipo kuchokera apo anafalikira mwachangu. Ku Europe ankachita kumugulitsa kwa alimi, mu 2004 anali atafika ku England, ndipo ku South Africa anaoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ku Western Cape. Nsabwe amadyadi, palibe wotsutsa. Vuto ndi loti nsabwe zikachepa amatembenukira mazira ndi ana a ma ladybird ena, ndi mphutsi za ntchentche zija, ndiye ku Britain ndi Belgium ladybird wa madontho awiri anachepa kwambiri iye atangofika. Alimi a mphesa nawo akulira naye, amabisala m'zipatso, akaphwanyikira momwemo timadzi take tachikasu tonunkha timaononga kakomedwe ka vinyo. Nyengo yozizira amaunjikana m'nyumba za anthu. Ine kuona kwanga, kachilombo kamodzi kolusa kamene kamadya anzake ogwira nawo ntchito sikaposa gulu lonse lija ndaliona m'mawa, poti aliyense ali ndi nthawi yake ndi malo ake pachomera.

Mzangayo sanakhutire kwenikweni, akuti nanga matenda amene nsabwe zimafalitsa? Apo ali ndi mfundo. Mavairasi ena nsabwe imangolawa tsamba pang'ono basi yapatsira, ladybird sangafike msanga. Sindikunena kuti mankhwala tiwataye, mbewu ikakhala yaing'ono nsabwe zachuluka adani ake kulibe, munthu umapopera. Koma zanga zakula ndipo odya nsabwe ndawaona ndi maso.

Masana ndinangothyola nsonga zoipitsitsa, zina ndinazitsuka ndi madzi, ndipo maluwa akutchire a m'mphepete ndaasiya osalambula chifukwa ntchentche zija ndi timavu zikakula zimadya m'maluwa.

Madzulo ndimakulitsa zithunzi pafoni kufuna chizindikiro cha harlequin, chilembo M chakuda pa malo oyera kuseri kwa mutu, chifukwa madontho ndi mtundu sizithandiza, ena ofiira, ena achikasu, ena akuda, ena alibe dontho. Pa amene ndajambula sichikuoneka. Loweruka ndibwereranso kukaona ngati nsabwe zotupa zija zawonjezeka, komanso ndikayang'ane timizere ta nyerere kuti chisa chake chili pati.